Ndowa Ziwiri za pa Golomoti

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire. Kunena zoona sikunali kudzuka, chifukwa tulo ndinangotilawa. Ndinali nditatsamira khoma m'nyumba ya siwa, miyendo ya mayi wina itapingasa pa yanga. Azimayi a kwaya amene anachezera kuimba anali atagona chokhala, nsalu zili kumutu. Pakati pa chipinda panali bokosi la mlongo wanga Kosimasi, kandulo imodzi ikutha chakumutu kwake. Chikwama changa ndinali nditachikhalira. Chiyambire dzulo lake sindinachisiye, ngakhale potuluka kukataya madzi, chifukwa m'kati mwake munali jekete lakuda lija Kosimasi ankavala pa kabaza.

Mkazi wake, Nangozo, anali maso. Anakhala pafupi ndi bokosi, apongozi ake, amayi anga, atatsamiritsa mutu paphewa lake. Maso athu anakumana. Iye sanaphethire, ine ndi amene ndinayang'ana kumbali.

Nditatuluka panja ndinapeza mwera ukuwomba. Kwathu kuno kuchigwa timadziwika ndi kutentha, koma mu Julaye mbandakucha kumaluma. Azibambo anali atazungulira moto wa zitsa, ena atagona pa matumba. Amalume, mlongo wawo wa amayi, amene ndi mwinimbumba wathu, anali atakhala patali pang'ono ndi adzukulu awiri, aja okumba manda, mitu itagundana. Nditadutsa analeka kulankhula. Ndinawapatsa moni, iwo anayankha ndi mphuno.

Kuseri azimayi anali atayamba kusonkha moto pa mafuwa, nyemba zili kale pamoto. Panafunika madzi. Wina anandipatsira ndowa m'manja osaganiza kanthu, ine n'kutsala pang'ono kuiponya pansi. Ine Marita, amene pamsika wa Golomoti amandidziwa kuti pakamwa panga sipatopa, ndinagonja ndi ndowa ya pulasitiki. Ndinakoleka chikwama paphewa n'kutsatira anzanga ku mjigo.

Ndifotokoze za ndowa. Lachiwiri la sabata lomwelo, dzuwa lisanatuluke bwino, ndinali kuyala tomato ndi mpiru pa benchi langa. Kosimasi anali atangotsitsa munthu pa siteji. Pokhota kuti abwerere, lole inamugunda n'kumuponya pa mwala wa m'mbali mwa ngalande. Anagwera mbali yakumanja. Pamene ndinkafika anali atakomoka, koma magazi panja sanali ambiri. Azimayi anzanga ankakuwa kuti mthireni madzi. Ndani kwathu kuno sadziwa zimenezo? Munthu akakomoka timamuvula zolemera kuti apitidwe mphepo, n'kumuthira madzi. Ndinamuvula jekete. Ndinatenga ndowa yanga yowazira ndiwo zamasamba n'kumukhuthulira yonse. Sanatsitsimuke. Mnzanga wa benchi loyandikana anandipatsira yake, ndinakhuthulanso. Apo anatsegula maso n'kubuula, anthu n'kunena kuti mwaona, madzi amuthandiza.

Panali pikapu imene inkakwera kumtunda. Dalaivala anati tipite naye kuchipatala chachikulu. Tinamugoneka kumbuyo, pa chitsulo, malaya ndi buluku zikudontha. Amene anayendapo msewu wa Khwekhwerere mu Julaye akudziwa mmene mphepo imakhalira galimoto ikamakwera phiri lija. Kosimasi ankanjenjemera mpaka mano kugundana. Kenako analeka kunjenjemera, ine n'kumati akupeza bwino. Akayamba kutseka maso ndinkamuwaza madzi a m'botolo kumaso ndi pachifuwa kuti asandithawe. Ndinatero njira yonse.

Nangozo anatipeza kuchipatala, atakwezedwa ndi mnzake wa Kosimasi. Anamupatsa pepala loti asaine kuvomereza opaleshoni, iye anasaina. Amalume, amene amagula nsomba kunyanja n'kukagulitsa kumtunda, anali pamsika wa konko tsiku limenelo, ndipo anafika Kosimasi ali kale m'fiyeta, chipinda cha opaleshoni. Anakhala nafe pa benchi kanthawi, kenako anabwerera kukaona nsomba zawo. Choncho pamene adokotala anatiitana, tinalowa awiri okha, ine ndi Nangozo.

Anali dokotala wamkazi, wamfupi, maso atafiira. Anationetsa impso ya Kosimasi m'kambale kachitsulo. Inali yophwanyika ngati tomato wopondedwa. Anati kapaipi kotenga mkodzo kuchoka ku impso kupita kuchikhodzodzo nakonso kanaduka, ndipo panalibe chosoka, anangochotsa. Anati vuto lalikulu silinali limenelo, popeza munthu amakhala ndi impso imodzi. Vuto linali loti anafika thupi litazizira kwambiri, ndipo magazi a munthu wozizira sagwirana. Akamanga apa, ankatuluka apo. Anachita kulekeza opaleshoni panjira, kutsendera nsalu m'mimba kuti zitseke magazi, n'kuyamba kumutenthetsa ndi mabulangeti, diripi yofunda ndi magazi ofunditsa. Akafunda, adzamalizitsa.

Kenako anafunsa, osakalipa ayi: "Anamunyowetsa chonchi ndani?"

Ndinaweramitsa mutu. Nangozo anayang'ana chitenje changa, chimene chinali chisanaume. Adokotala anati munthu wovulala amene akutaya magazi amafunika kufunditsidwa, ngakhale kunja kukutentha. Anawonjezera kuti bala linali lalikulu, sangalumbire kuti akanapulumuka. Kosimasi sanafunde. Anatisiya Lachitatu m'mawa.

Chiyambire pamenepo Nangozo sanatchule za madzi kwa munthu aliyense, ngakhale kwa ine. Ndipo chete ameneyo ndi amene ankandidya. Ndinkadzifunsa kuti akusungiranji nkhaniyi? Akudikira kuti anthu achuluke kuti andiyalutse bwino? Ine ndi mlamu wangayu sitinkadyera mbale imodzi. Ndinamunenapo kuti ndi waulesi pa khasu, ndipo anazimva. Sindinkaona chifukwa choti andikomere mtima.

Pa mjigo panali azimayi a midzi ina amene sankandidziwa, ndiye ankalankhula momasuka. Wina anati malemu anawachotsa impso. Wina anati mkazi wawo ndi amene anasainira, ndipo pepala lake sanalionetse kwa achibale. Wachitatu anati impso zimapita kunja pa ndege, zili pa ayisi, ndipo amalume a malemu anaona ndi maso awo kabokosi ka ayisi kakutuluka m'fiyeta, wonyamula akuthamanga.

Nkhani ya ayisi inali ndi gwero lake. Zaka zitatu zapitazo Kosimasi anadwala mwala mu impso yakumanzere, mwala waukulu umene unatseka njira ya mkodzo. Anamuchita opaleshoni mumzinda. Adokotala a kumeneko anamufotokozera kuti anapana mtsempha wa magazi kuti acheke bwino, ndipo kuti impso isafe pa nthawi imene sinkalandira magazi, anaizunguliza ayisi wophwanyaphwanya. Chozizira sichifulumira kuwonongeka. Kosimasi, mmene analili wanthabwala, nkhaniyi anaiyendetsa pa siteji ponse. Ankakweza malaya kuonetsa chipsera, n'kumati impso yake inagonapo pa ayisi ngati chambo, ndipo pa Golomoti palibe wina wa impso yapamwamba chotero. Anthu ankaseka. Tsopano nthabwala ija inabwerera itavala nkhope ina. Ankati ulendo woyamba uja ankangoiyeza, ulendo uno aitenga.

Mmodzi wa azimayiwo atandizindikira anandifunsa ngati zili zoona. Apa ndi pamene ndimadziona kuipa mtima. Ndinati, "Za m'fiyeta amazidziwa ndani?" N'kusenza ndowa yanga. Sindinaname, koma ndinaponya chikuni pamoto. Ndinkafuna anthu aziyang'ana kuchipatala ndi kwa Nangozo, kuti asayang'ane kwa ine. Penanso ndinkadziuza kuti mwina adokotala aja anangofuna pokankhira mlandu wawo, atandiona kuti ndine mayi wa kumudzi.

Dzuwa litakwera anthu anayamba kufika. Masamba amene tinaika pamsewu anali atauluzika ndi mphepo, ndipo anachita kuwapsinja ndi miyala. Oyenda pa njinga ankatsika patali n'kumakankha. Kunabwera a ku Mua, a ku Mtakataka kwawo kwa Nangozo, ndi asodzi a kunyanja ogulitsa nsomba kwa amalume, ena atavala zisoti zawo zachisilamu. Akabaza anzake a Kosimasi anafika pamodzi, njinga zamoto zili mndandanda, nyali zikuyaka masana. Anazimitsa injini pa mlambe wa panjira n'kumalizitsa wapansi. Anzanga a pamsika anabwera ndi kabichi ndi tomato. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi. Onsewa analipo Lachiwiri lija, onsewa anaona ndowa ziwiri zija, koma palibe amene ankadziwa zimene adokotala ananena. Kwa iwo ine ndinali mlongo wabwino amene anatsitsimutsa Kosimasi. Mmodzi anandikumbatira n'kunena kuti ndinayesetsa. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Ndinaonanso kuti azimayi a kwathu ankawapatula a ku Mtakataka. Mphasa zawo anaziyala padzuwa, kufupi ndi khola. Tiyi anawapatsa pomalizira. Mchimwene wake wa Nangozo, bambo wamtali wofatsa, anaona zonsezo n'kungolandira tiyi wake.

Cha m'ma teni, a mpingo atatsala pang'ono kuyamba mapemphero, amalume anatuma uthenga woti achibale enieni tilowe m'nyumba ya amayi. Tinalipo amayi, amalume, ine, Nangozo ndi mchimwene wake, komanso mkulu wa adzukulu, bambo wokalamba wa dzino limodzi kutsogolo. Anatseka chitseko. Mkuluyo anakhala pafupi ndi khomo, ndipo m'manja mwake ndinaona lezala latsopano, likadali m'pepala lake.

Amalume analankhula motsitsa mawu, chifukwa kunja kunali anthu. Anati iwo agwira ayisi zaka zambiri, amadziwa chimene chimayenda m'kabokosi kotero, ndipo si mankhwala a mutu. Anati mphwawo sangalowe m'manda asanadziwe ngati ali wathunthu. Adzukulu adula ulusi wa pamimba n'kuona. Akapeza kuti impso mulibe, Nangozo anyamuke lero lomwe ndi abale ake. Anabwera pa chitengwa, abwerere mmene anabwerera, ana awiri atsale. Zotsalazo akazinena ku polisi.

Mchimwene wake wa Nangozo anayamba kupepesa, koma Nangozo anamugwira mkono.

"Musavutike kucheka, amalume. Impso imodzi mulibe. Inaphwanyika, anaichotsa. Tinaiona m'mbale, ine ndi alamu."

Amayi anabuula. Amalume anawomba m'manja kamodzi. "Mwamva nokha. Nanga masiku onsewa osanena bwanji?"

Onse anatembenukira kwa ine. Ndinati inde, ndinaiona, inali yophwanyika, yosati n'kugulitsa ngakhale kwa galu. Ndinati kabokosi kaja ndinakaona kakulowa amalume asanafike, ndipo anesi atakatsegula pakhomo munali mapaketi a magazi. Kanalowa kodzaza, kanatuluka kukatenga ena. Ndinaganiza kuti ndathana nazo, nkhani ithera pomwepo, za madzi zitsala m'mimba mwanga.

Koma amalume si munthu wogonja msanga. Anati ine ndikuikira kumbuyo mlamu wanga chifukwa cha manyazi. Anati m'mudzi mwathu muli bambo amene wakhala ndi impso imodzi zaka zambiri ndipo amalima mpunga. Nanga Kosimasi wafa ndi chiyani? Anatulutsa m'thumba pepala la kuchipatala, limene mphunzitsi wina anawawerengera usiku. Anati palembedwa kuti thupi linazizira.

"Linazizira ndi chiyani? Munthu amazizira yekha ali moyo? Anamugoneka pa ayisi kuti atenge chimene ankafuna, ndipo mayi uyu anasainira."

Analoza Nangozo ndi pepalalo. Mchimwene wake anamudandaulira kuti ngati pali chimene akudziwa anene. Apa ndinati basi, nthawi imene ankaidikira ija yakwana. Ndinakonzeka kumva dzina langa. Nangozo anayang'ana pansi, misozi ikugwera pa chitenje. Ndinawerenga mpweya wake. Sananene kanthu. Amalume anagwedezera mutu mkulu wa adzukulu, ndipo mkuluyo anayamba kumasula pepala la lezala pang'onopang'ono, ngati sakufuna.

Ndinaona ana a Kosimasi akukula opanda mayi wawo, akuuzidwa kuti mayi wanu anagulitsa bambo wanu. Ndinaona mlongo wanga akuchekedwanso ndi lezala la pagolosale. Ndinachita mantha kuposa tsiku lina lililonse pa moyo wanga. Koma wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

"Anamuziziritsa ndine, amalume."

Ndinanena zonse mwa dongosolo lake: ndowa yoyamba, ndowa yachiwiri, pikapu, phiri, botolo. Ndinabwereza mawu a adokotala mmene ndinawamvera, n'kuwonjezera kuti ayisi wa zaka zitatu zapitazo anaziziritsa impso yokha, munthu yense ali wofunda, koma Lachiwiri anazizira munthu yense, ndipo magazi ozizira sagwirana. Ndinati m'fiyeta sanamuike pa ayisi, ankalimbana n'kumutenthetsa. Ndinati Nangozo anamva zonsezi ndipo wakhala akundibisa. Chimodzi chokha sindinanene, ndipo chikwama ndinachipana m'khwapa.

Kunja kwaya inali itayamba kuyesa nyimbo.

Amalume anati madzi sapha munthu. Anati tonse tathiridwapo madzi, iwonso anathiridwapo atagwa mumtengo wa mango ali mwana, ndipo ndi awa ali moyo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso atachepa, ngati akuyeza nsomba yokayikitsa. Sindikudziwa ngati ankaganiza kuti ndikunama pofuna kupulumutsa Nangozo, kapena ankaganiza zina zoipa kuposa pamenepo.

Amene anathetsa nkhani ndi amayi. Chiyambire Lachitatu anali asanalankhule mawu omveka. Anati, "Mwana wanga wachekedwa kawiri, kwakwana. Tsekani bokosi. Nangozo sapita kulikonse." Mkulu wa adzukulu anakulunganso lezala lake msangamsanga n'kutuluka. Amayi anadzuka atagwira dzanja la Nangozo. Podutsa pamene ndinakhala sanandiyang'ane, anangokoka nsalu yawo kuti isandikhudze.

Sindikudziwa amene anaitulutsa nkhani, koma khoma la nyumba ya amayi ndi la njerwa zosawotcha ndipo zenera lilibe galasi. Pamene mapemphero ankayamba, inali itafika kale ku mafuwa. Ndinaiona ikuyenda. Mayi amaweramira mnzake, mnzakeyo amatembenuka kundiyang'ana, kenako amaweramira wina. Mphasa za a ku Mtakataka anazisunthira pamthunzi. Pamene ndinakhala ine panayamba kutakasuka, ngakhale anthu anali othithikana. Mnzanga uja anandipatsira ndowa yachiwiri anadzuka ngati akukathandiza kuphika, ndipo sanabwerenso.

Mkulu wa mpingo analalikira za kukhala okonzeka. Sindinamve zambiri. Makutu anga anali kumbuyo, kumene mayi wina ankakumbutsa mnzake kuti chaka chatha ine ndi Kosimasi tinakangana za malire a dimba mpaka osalankhulana mwezi wathunthu. Zinali zoona. Tinakangana, ndipo tinagwirizana, ndipo ndi iye amene ankandinyamulira madengu a tomato ulere m'mawa uliwonse. Koma mbali imeneyo sanaikumbuke. Mnzakeyo anati, ndowa ziwiri zonse, munthu mmodzi? Mawu ake ndinawazindikira. Lachiwiri lija ndi amene ankakuwa kwambiri kuti mthireni madzi.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka pang'ono. Akabaza anapempha kuti anyamule bokosi, ndipo ankalandirana osaliika pansi. Mtanda unali patsogolo, kwaya pambuyo pake, kenako ife. Mwera unali utakula, fumbi likulowa m'maso, nkhata za maluwa azimayi atazipana pachifuwa kuti zisauluke. Tinadutsa m'minda yokololedwa, mapesi akulira ndi mphepo, tinawoloka njanji, n'kulowa m'nkhalango ya kumanda. Kumadzulo phiri lija linkaoneka bwinobwino, msewu wake ukukhotakhota. Ndinayenda maso ali pansi.

Adzukulu anatsitsa bokosi ndi zingwe. Amalume polankhula m'malo mwa banja anathokoza anthu, a mpingo ndi akabaza. Za chipatala sanatchule, za Nangozo sanatchule. Anangomaliza ndi mawu oti imfa iyi ili ndi zambiri, zina zidzamveka patsogolo. Ponena zimenezo anayang'ana kumene ndinaima.

Dothi loyamba litagunda bokosi, amayi anagwa. Anangoti lende m'manja mwa azimayi, maso atatembenuka. Nthawi yomweyo mawu anamveka kuchokera kumbuyo: "Madzi! Athireni madzi!" Mayi wina anathamangira chigubu cha adzukulu n'kubwera nacho, atatsegula kale chitsekero. Atafika pa amayi anaima. Chigubu chili m'manja, anayang'ana amalume, amalume anayang'ana pansi. Kenako manda onse anayang'ana ine. Palibe amene ankadziwanso chochita ndi munthu wokomoka, chinthu chimene tonse tinachidziwa chibadwire. Amayi sanavulale, sankataya magazi, mwina madzi pang'ono kumaso sakanawachita kanthu. Koma ine sindikanatsegula pakamwa ngakhale akanandimenya.

Nangozo ndi amene anagwada. Anavula nsalu imene anafunda, n'kuwafunditsa amayi kuyambira m'mapewa mpaka kumapazi, n'kuika mutu wawo pamiyendo pake. Ankawasisita manja akuwaitana motsitsa. Patapita kanthawi amayi anatsegula maso. Mayi uja anatsekanso chigubu n'kuchibweza pamene anachitenga. Adzukulu anapitiriza kukwirira.

Pobwerera anthu anasamba m'manja panjira, anadya, n'kuyamba kubalalika. Akabaza analiza injini pa mlambe paja. A kutali anathamangira minibasi dzuwa lisanalowe. Ambiri potsanzika ankagwira dzanja la amayi ndi la Nangozo, kwa ine n'kungogwedeza mutu chapatali. Mkulu wa adzukulu yekha ndi amene anaima pamene ndinkatsuka mbale. Anati mdzukulu wake, mwana wa mwana wake, amayendetsanso njinga yamoto, ndiye anafuna kumva bwino: munthu akagundidwa, tizimufunditsa? Ndinati adokotala anatero. Anagwedeza mutu n'kumapita akubwereza yekha.

Madzulo pakhomo panatsala phulusa la pa mafuwa, mapepala a masiwiti ndi mphasa zopindidwa. Azimayi ochepa ogona pa siwa anali kuseri, akulankhula motsitsa. Amalume anakhala okha pa chitsa, atafulatira nyumba. Amayi anagona m'chipinda atayang'ana kukhoma, ana a Kosimasi atawagonera kumapazi. Amayi ndinawaitana kawiri. Ndikudziwa kuti anali maso.

Nangozo ndinamupeza pabalaza, pamene panali bokosi m'mawa. Pansi pankaonekabe madontho a kandulo. Ndinakhala pafupi naye, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire Lachiwiri ndinatsegula chikwama. Ndinatulutsa jekete n'kuliika pamiyendo pake. Linali louma, lolemera, la ubweya m'kati. Silinanyowe ngakhale dontho, chifukwa ndinamuvula ndisanathire madzi.

Ichi ndi chimene sindinanene m'nyumba ya amayi. Pikapu itayamba kukwera phiri, ine ndinazizidwa. Chitenje changa chinali chitanyowa, mphepo ikundilasa m'mafupa. Jekete linali pamiyendo panga. Ndinalivala. Ndinakoka zipi mpaka m'khosi, ndipo ndinafunda bwinobwino njira yonse, mlongo wanga akugundanitsa mano pa chitsulo, mutu wake uli pa bondo langa.

Ndinayamba kumufotokozera, koma anandidula.

"Ndinakupezani mutavala, alamu. Ndinaona."

Ndinamufunsa chifukwa chake sananene, pamene amalume ankafuna kumulanda ana. Anati Kosimasi ankandikonda, ndipo sakanafuna kuti dzina langa litchulidwe pa maliro ake. Anasisita jekete, n'kulowetsa dzanja m'thumba. Munali kiyi wachiwiri wa njinga ndi masiwiti awiri a ana.

Ndinati andikhululukire. Mphepo inkagwedeza malata, kuseri wina ankatsokomola.

"Madzi ndikanathira nanenso," anatero. "Aliyense akanathira. Za jekete musandifunse lero."

Analipinda bwinobwino, manja ake m'kati, n'kulowa nalo kuchipinda. Ndinamva akutseka chitseko. Ndinatsala ndekha pabalaza ndi chikwama chopanda kanthu, ndipo kunayamba kuzizira.